Ampulifaya Ikamatentha n'Kumathima Pakati pa Dansi

Ku Nkaya, pamphambano pomwe njanji ya pakati pa Limbe ndi Salima imakumana ndi yolowera ku Nayuchi komanso yatsopano ija yochokera ku Moatize, nyengo ya zisangalalo ndi nyengo ya dzuwa zimabwera pamodzi. Anthu akakolola n'kugulitsa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ndi pamene pamachuluka zinkhoswe, maukwati, kutuluka kwa anamwali, sadaka ndi misonkhano ya makwaya. Ndi nthawi yomweyonso pamene fumbi limakhala lili ponseponse, ndipo mu Okutobala ndi Novembala si zachilendo kuti masana kutentha kupitirire madigiri 35.

Komanso anthu a boma lino la Balaka khutu lawo si lonamizika. Kuno ndi kwawo kwa Alleluya Band, yomwe inayamba mu 1978, kwawo kwa Paul Banda ndi malemu Lucius Banda wa Zembani Band. Nyimbo ikamamveka mosasa amadziwa, ndipo ikathima pa nthawi ya perekaniperekani maso onse amatembenukira kwa mnyamata wakhala kuseri kwa mikisa. "Achimwene, yatani?" Yankho limakhala lomwelomwelo: "Yatentha, tidikire pang'ono."

Kuthima ndi kupsa ndi zinthu ziwiri

Ampulifaya yabwino, monga za Crown, QSC, Yamaha kapena Peavey zomwe anyamata amabwera nazo kuchokera ku Joni, imakhala ndi kachipangizo koyeza kutentha komatidwa pa chitsulo cha aluminiyamu cha mapikomapiko chimene amisiri amachitcha heatsink. Chitsulocho chikafika pamlingo woopsa, pa maampulifaya ambiri cha m'ma madigiri 80 mpaka 95, kachipangizoka kamadula mawu. Mumamva "tcha!" mkatimo, nyali yolembedwa Protect kapena Thermal n'kuyaka, kenako zii. Pakapita mphindi zingapo chitsulo chikazizira, mawu amabwerera okha.

Ampulifaya yotere sinafe. Yadzipulumutsa. Vuto lili kwina, ndipo nthawi zambiri lili kunja kwa bokosilo: pomwe mwaiika, masipika omwe mwaisenzetsa, magetsi omwe mukuipatsa, kapena dzanja lomwe likupotokola voliyumu. N'chifukwa chake kufufuza kumayambira kunja. Sikuludiraiva ndi yomalizira.

Kutenthaku kumachokera kuti?

Magetsi onse olowa mu ampulifaya sapita ku masipika. Otsala amasanduka kutentha mkati mwa mathiranzisita akuluakulu a kumapeto, amene amakankhira mphamvu ku sipika. Kuchuluka kwa otsalawo kumatengera mtundu wa ampulifaya.

Zolemera zija, zokhala ndi thiransifoma yaikulu yozungulira mkati, zambiri ndi za mtundu wa Class AB. Papepala mtundu umenewu sungapitirire 78 pa 100 iliyonse ya magetsi ofika ku sipika, ndipo zimenezo ndi pamene ili pachimake penipeni. Poimba nyimbo zenizeni, theka kapena kuposerapo la magetsi omwe yakoka limathera mkati momwemo. Mwachitsanzo, ikamakoka ma watt 600 pa soketi, oposa 300 angakhale akutenthetsa bokosi. Zopepuka za masiku ano za Class D zimafikitsa ku sipika pafupifupi 90 pa 100, choncho sizitentha kwambiri, ngakhale nazonso zili ndi zofooka zake pa nkhani ya magetsi osakhazikika. Palinso za Class A, zodula kwambiri, zomvetsera nyimbo m'nyumba, monga za Pass Labs: zimenezo zimatentha ngakhale nyimbo isakuimba, chifukwa ndi mmene anazipangira.

Mfundo imene ambiri saiganizira ndi iyi: heatsink sikhala pa madigiri okhazikika, imakwera kuchokera pa kutentha kwa mpweya womwe waizungulira. Tiyerekeze kuti pa ntchito yolemera imakwera ndi madigiri 45. M'holo yozizira bwino ya madigiri 22, ifika pa 67 ndipo iimba usiku wonse. Ampulifaya yomweyo, masipika omwewo, nyimbo yomweyo, pansi pa tenti ku Utale masana a Okutobala, mpweya wa m'kabokosi kake uli pa 42, ifika pa 87. Palibe chawonongeka, koma yathima.

Yambani ndi kuyang'ana nthawi

Musanagwire chilichonse, dzifunseni kuti ikuthima liti. Yankho la funso limeneli limadula theka la ntchito.

Ikamaimba bwinobwino kwa theka la ola kapena ola, kenako n'kuthima, pamwamba pake pakuwotcha, n'kudzayaka yokha itapuma, kumeneko ndi kutentha kwenikweni: mpweya ukuchepa kapena katundu wachuluka. Ikamathima pomwe bezi yagunda mwamphamvu, bokosi lili lofunda chabe, ganizirani za mawaya ogundana, masipika ochuluka kapena magetsi ofooka. Ikamakana kutuluka pa Protect mukangoyatsa, m'mawa kukuzizira, zulani mawaya onse a masipika muyesenso. Ikatuluka, vuto lili ku mawaya kapena ku sipika. Ikakanabe, vuto lili mkati, ndipo nthawi zambiri ndi thiranzisita yopsa yomwe ikutulutsa magetsi a DC, amene akanawotcha sipika chitetezo chikanapanda kudula. Ndipo ikamatentha ili chete, popanda nyimbo, kapena mbali imodzi ikamawotcha inzake ili bwinobwino pamene zonse zikusenza mofanana, imeneyo ndi ya kwa mmisiri.

Pali njira yapafupi yosiyanitsira: sinthanitsani mawaya, a Channel A apite ku B, a B apite ku A, mutathimitsa kaye. Vuto likasamuka pamodzi ndi waya, ampulifaya ilibe mlandu.

Mpweya ndi fumbi

Ikani dzanja pomwe mpweya umatulukira. Uyenera kumveka ukukankha, ndipo ukhale wofunda. Ukamatuluka mofooka pamene fani ikumveka kulira, ndiye kuti njira yatsekeka. Mukatsegula chivindikiro cha ampulifaya yomwe yazungulira maukwati a chilimwe chimodzi pa kabaza ndi pa lole, mupeza kutsogolo kwa mapiko a heatsink kuli chinthu chotuwa chomatana, fumbi losakanizana ndi ulusi ndi tsitsi, moti mutha kuchinyamula ndi zala chonse n'kuchoka pamodzi. Kuseri kwake mapiko amakhala oyera, chifukwa mpweya unasiya kalekale kudutsamo. Nthawi zina mumapezamo mphemvu, mazira a nalimata, ngakhale chisa cha dothi cha mavu ngati zidazo zinakhalitsa m'sitolo. Burashi yofewa youma ndi pampu ya njinga zimathandiza. Gwirani fani ndi chala popopa kuti isazungulire mopitirira muyeso, ndipo kasiponji ka kutsogolo kachapeni, kaume kaye musanakabwezere.

Fani nayo imakalamba. Ikamachita kuyamba mutaikankha ndi kamtengo, kapena ikamalira mokhwekhwereza, isintheni ndi ina ya mavolti ofanana, ndipo onetsetsani kuti ikuuzira mbali yomwe inkauzira yakale. Makampani ena mpweya amaulowetsa kutsogolo n'kuutulutsira kumbuyo, ena amachita mosemphanitsa. Mukasanjikiza maampulifaya a mitundu iwiriyi m'bokosi limodzi lotseka kumbuyo, ina imapuma mpweya wotentha womwe inzake yatulutsa.

Ndiyeno pali nsalu. Amayi okongoletsa pa ukwati safuna kuona mawaya, choncho amakuta tebulo la zoimbira ndi nsalu mpaka pansi. A DJ nawo amafunditsa chitenje kuopa fumbi. Onse ali ndi zolinga zabwino, koma ampulifaya imabanika. Ikhale pamthunzi, pamwamba osati padothi, kutsogolo ndi kumbuyo kuli pululu, patali ndi khoma kapena malata otentha. Madzi oundana kapena nsalu yonyowa pamwamba pake ayi: chinyezi chimalowa mkati n'kukakumana ndi fumbi lija, ndipo magetsi amapeza njira yomwe sanayenera kudutsa.

Masamu a masipika

Apa ndi pamene pamafera maampulifaya ambiri, ndipo mpofunika kufatsa. Sipika iliyonse ili ndi nambala ya ma ohm, kawirikawiri 8 kapena 4. Nambalayi imasonyeza mmene sipikayo imakanizira magetsi. Ikachepa, magetsi odutsa amachuluka, mathiranzisita n'kumatentha kwambiri. Kumbuyo kwa ampulifaya kumalembedwa nambala yotsikitsitsa yomwe mbali iliyonse ingapirire, nthawi zambiri 4, pa zamphamvu zina 2.

Mukalumikiza bokosi lina kuchokera pa bokosi linzake, monga mmene ambiri amachitira, ma ohm amatsika. Mabokosi awiri a 8 amapanga 4. Atatu amapanga pafupifupi 2.7. Anayi amapanga 2. Komanso mabokosi ambiri a bezi okhomedwa ndi akalipentala akuno amakhala ndi masipika awiri mkati, choncho bokosi limodzi lili kale pa 4. Mwini ukwati akabwera n'kunena kuti, "Bambo, anthu a kuseri kwa mtengo uko sakumva, onjezerani lina," ndipo mnyamata n'kulumikiza bokosi lachiwiri lotere pa waya womwewo, mbali imeneyo yafika pa 2. Phokoso likwera pang'ono chabe, koma kutentha kukwera kwambiri, ndipo pasanathe nthawi yaitali onse, a kuseri kwa mtengo ndi a kutsogolo omwe, sakumva kanthu.

Kabatani kolembedwa Bridge kamapusitsanso anthu. Kamaphatikiza mbali ziwiri kuti zikankhe katundu mmodzi ndi mphamvu zambiri, koma mbali iliyonse imaona theka la ma ohm a katunduyo. Bokosi la 8 pa Bridge lili ngati 4 mbali iliyonse. Bokosi la 4 lili ngati 2. Ampulifaya yolembedwa kuti isatsike pa 4 mbali iliyonse siyenera kupatsidwa chochepera 8 pa Bridge.

Musakhulupirire pepala lomatidwa pa sipika, makamaka ngati inakulungidwanso koyilo. Tengani mita, muyeze kumapeto kwa waya womwe umalowa mu ampulifaya, utazulidwa. Mita imasonyeza nambala yocheperako pa yeniyeni: sipika ya 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ya 4 imaonetsa cha m'ma 3. Ikaonetsa 1 kapena kucheperapo, penapake pagundana. Gwedezani waya mukuyang'ana mita, chifukwa kugundana kwina kumabwera n'kumapita. Kankhaninso pepala lonjenjemera la kutsogolo kwa sipika pang'onopang'ono ndi zala zotambasula. Mukamva kukhula mkati, koyilo yapsa kapena yapindika, ndipo ikatentha imatha kugunda chitsulo.

Yang'anitsitsani pomangira waya kumbuyo kwa ampulifaya, ndi tochi ngati n'kotheka. Waya wosendedwa ndi mano n'kupotokoledwa mofulumira amasiya kaulusi kamodzi ka kopa, kochepa kuposa tsitsi, kataloza ku chomangira chinzake. Kali chete sikagunda. Bezi ikayamba kugwedeza tebulo kamagunda, ampulifaya n'kuthima, ndipo munthu amatha kuinyamula mpaka ku Limbe chifukwa cha kaulusi kameneko. Mapulagi a Speakon amathetsa vutoli, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mathiranzisita.

Za pa mzikiti ndi pa tchalitchi

M'mizikiti ndi m'matchalitchi ambiri a ku Balaka ndi Machinga mumapezeka maampulifaya a Ahuja ochokera ku India, okankha masipika a malipenga omangidwa padenga kapena pamtengo. Kumbuyo kwake kuli zomangira zingapo: COM, 4, 8, nthawi zina 16, ndiponso 70V kapena 100V. Zomangira za 70V ndi 100V ndi za masipika okhala ndi kathiransifoma kawokawo. Mukamangapo sipika wamba ya ma ohm 8, ampulifaya imaona ngati mawaya agundana, imatentha msanga. Pa njira ya 100V masamu ake ndi ophatikiza ma watt a masipika onse, ndipo asapitirire mphamvu ya ampulifaya. Ndi bwino kusiyako mpata. Musagwiritse ntchito zomangira za ma ohm ndi za 100V pa nthawi imodzi. Bezi nayo ichepetsedwe, chifukwa malipenga saitulutsa, imangotenthetsa thiransifoma.

Nyali yofiira ija

Nyali ya Clip kapena Peak ikamaphethira mwa apo ndi apo pa kugunda kwa ng'oma, palibe choopsa. Ikamangoyaka osathima, ampulifaya yafika pamapeto pa mphamvu zake ndipo ikudula nsonga za mawu. Phokoso silikweranso, limangosasa, matwita (timasipika ta mawu okwera) amapsa, ndipo magetsi odutsa amakhala pamwamba nthawi yonse popanda kupuma. Nyimbo zambiri za masiku ano zimajambulidwa mothinana kale, zopanda malo otsika, ndiye zikadutsanso pa mikisa yomwe nyali zake zonse zili zofiira, heatsink siipeza mpata wozizira.

Kutsitsa pang'ono kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Mukachepetsa ndi ma decibel 3, mphamvu yopita ku sipika imatsika ndi theka, koma khutu limangomva kusiyana pang'ono. Ngati ampulifaya ili ndi kabatani ka Limiter, kapena DDT pa za Peavey, kasiyeni koyatsa. Ngati ili ndi sefa yodula bezi yapansi kwambiri, ya 30 kapena 50 Hz, igwiritseni ntchito, popeza mabokosi ambiri satulutsa mawu otsika choncho ndipo mphamvuyo imangowonongeka. Bwalo likakula kuposa zida zanu, mankhwala ake ndi kubwereka ampulifaya yachiwiri n'kugawa katundu.

Magetsi a ESCOM, jenereta ndi sola

Magetsi a m'dziko muno amayenera kukhala mavolti 230 pa 50 Hz. Siteshoni yaikulu ya Phombeya ili m'boma lomwe lino la Balaka, koma chofunika kwa ampulifaya ndi zomwe zikufika pa soketi yake. Zikadutsa pa waya wopyapyala wa mamita 50 wokokedwa kuchokera ku golosale, wolumikizidwa malo atatu ndi mapepala a pulasitiki, pomwenso pali firiji ndi mababu, mavolti amagwa nthawi iliyonse bezi ikagunda. Yezani pa soketi yomwe mwalumikizapo nyimbo ikuimba, osati ili chete. Mababu akamaphethira motsatira ng'oma, yankho mwaliona kale. Mavolti akatsika ampulifaya imafika pa Clip msanga, a DJ amawonjezera voliyumu, zinthu n'kumaipiraipira. Zopepuka zija zimakoka magetsi ochuluka pofuna kubweza, kapena zimangodzithimitsa. Gwiraninso pulagi: ikamawotcha, yakhwepa kapena waya wachepa. Waya wautali ukhale wonenepa, wa 2.5 mm², ndipo muutambasule wonse, chifukwa wokulungidwa umatentha.

Jenereta yaing'ono ili ndi vuto lina. Katundu akailemera injini imatsika liwiro, ma Hz amatsika nawo, ndipo thiransifoma ya ampulifaya imayamba kung'ung'udza ndi kutentha. Katundu akachoka mwadzidzidzi mavolti amalumpha. Jenereta ikhale ndi mphamvu yoposa bwino zomwe zida zonse zimakoka, makamaka yokhala ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa mavolti. Iyambe yakhazikika musanayatse zida, ampulifaya ikhale yomaliza kuyatsa ndi yoyamba kuthimitsa, ndipo musadikire kuti petulo athe zida zili zoyaka, popeza injini ikamatsomola mavolti amakwera ndi kutsika mosalamulirika. Pa sola, inverter yotchipa yosatulutsa pure sine imatenthetsa thiransifoma ngakhale voliyumu ili pansi.

Zamkati ndi za mmisiri

Zonse zakunja zikakhala bwino koma ikutenthabe, mpamene pofunika kutsegula, ndipo wotsegulayo akhale wodziwa. Ma capacitor akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo mu zopepuka zija muli malo okhala ndi mavolti oposa 300.

Mmisiri wabwino amayamba ndi bias, timagetsi tochepa todutsa m'mathiranzisita nyimbo isanayambe. Thiranzisita ikatentha imalola magetsi ambiri kudutsa, ndipo magetsi akachuluka imatenthanso kwambiri. Pofuna kuletsa mpikisano umenewu, opanga amamatira kathiranzisita kakang'ono pa heatsink kuti kazimva kutentha n'kumatsitsa bias. Kakasomphoka chifukwa cha mabampu a mumsewu, kapena kopotokolera kake kakadzaza fumbi, mbali imeneyo imawotcha ili chete mpaka kupsa. Bias imayezedwa pa tizipangizo toyera ta ma ohm 0.22 kapena 0.33 tomwe tili pa miyendo ya mathiranzisita, ampulifaya itafunda kaye, ndipo nambala yake imatengedwa m'buku la ampulifayayo, osati pamutu.

Kenako amayang'ana mafuta oyera a pakati pa thiranzisita ndi heatsink, omwe amauma n'kusanduka ufa pakapita zaka, komanso masikuluwu omwe akhwepa. Amapaka ochepa, ongokwanira kutseka timipata. Ochuluka amatchinga kutentha. Amayang'ana ma capacitor otupa pamwamba: moyo wa capacitor umafupika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse owonjezera, choncho kuno ndi bwino kuikamo olembedwa 105 m'malo mwa 85. Amayang'ana mtovu wosweka pa miyendo ya zida zolemera, ndi relay yodula mawu yomwe mano ake ada. Pali vuto linanso losamveka ndi khutu: ampulifaya imatha kulira payokha pa mawu okwera kuposa omwe munthu amamva, makamaka mawaya a maikolofoni akamangidwa mtolo umodzi ndi a masipika. Chizindikiro chake ndi kachipangizo kopserera pafupi ndi potulukira mawu, ndi matwita omangopsa popanda chifukwa chooneka.

Zida zabodza ndi njira zachidule

Mathiranzisita a 2SC5200 ndi 2SA1943 a Toshiba ali m'maampulifaya ambiri, ndipo abodza ake ndi ochuluka pamsika. Kunja amafanana, koma mukaswa yabodza mupeza kachidutswa ka silikoni kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi ka yeniyeni. Imagwira pa voliyumu yotsika m'shopu, n'kukapsa pa dansi yoyamba. Imodzi ikapsa, mmisiri ayeze onse a mbali imeneyo pamodzi ndi timathiranzisita towakankha, ndipo poyatsa koyamba adutsitse magetsi pa babu lakale la ulusi la ma watt 100: likawala kwambiri osazirala, vuto likadalipo, ndipo babulo lateteza zida zatsopano.

Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kudumphitsa chitetezo. Alipo amene amadula kachipangizo ka kutentha, kulumikiza relay mwachindunji, kapena kukulunga waya wa kopa pa fyuzi, kenako n'kuuza mwini wake kuti, "Bwana, pano siizathimanso." N'zoona siithima. Kuli ngati kumanga pakamwa galu amene akuuwa mbala. Tsiku lomwe idzatenthe idzapsa mathiranzisita onse, DC idzapita ku masipika n'kuwotcha makoyilo, ndipo ndalama yokonzera idzaposa ya maukwati angapo. Fyuzi ibwezeredwe ya nambala yomwe yalembedwa, ndipo ikapsanso, pali chomwe chikuipsereza.

Popita nayo kwa mmisiri, ku Balaka, ku Liwonde kapena ku Limbe, mufotokozereni zonse: imathima patapita nthawi yaitali bwanji, nyali iti imayaka, mbali iti imawotcha, mabokosi angati a ma ohm angati anali mbali iliyonse, ndipo magetsi anali a ESCOM kapena a jenereta. Ngati n'kotheka tengani ndi mawaya omwe mumagwiritsa ntchito. Pokaitenga, pemphani kuti akuonetseni zida zomwe achotsa, ayeze DC potulukira mawu inu mukuona, yomwe iyenera kukhala pafupi ndi ziro, pansi pa ma millivolt 50 kapena cha pamenepo, ndipo aiimbitse ndi katundu weniweni kwa ola lathunthu chivindikiro chili chotseka.